Atsibweni Ayasama ndi Waya wa Rozita

Atsibweni Firimino tinawaika m'manda mvula ili pakati, mitsinje itadzaza, moti anthu ambiri analephera kufika. N'chifukwa chake Misa ya chikumbutso tinadikira nayo chilimwe, ndipo tachita sabata yapitayi kuno ku Chiputo. Anthu anachokera ku Fingoe, ena ku Malowera, ena kutsidya kwa malire. Padiri wathu ndi watsopano, ndiye atatchula dzina loti Firimino ambiri anangoyang'anana. Katekisita anamunong'oneza, iye n'kuwonjezera kuti, "amene munkawatcha Ayasama." Tchalitchi chonse chinafa nalo phwete, a imvi ndi adzukulu awo omwe. Sindinaonepo Misa ya akufa yosekedwa chotero. Eni ake akanakondwa, chifukwa mano a mudzi wonse anali pambalambanda.

Anali mlongo wa mayi anga. Dzina lija linabwera chifukwa kwa mwana analibe moni wina. Akuluakulu ankawalonjera bwinobwino, kufunsa za kumunda ndi za mbuzi. Koma mwana akangogwada kuti apereke moni, iwo ankamugwira chibwano ndi zala ziwiri n'kunena kuti, "Yasama." Ankatero pakhomo pa tchalitchi, pachitsime, ngakhale pamaliro. Ana ena ankathawa. Ambiri ankachita kudzipereka okha, chifukwa akamaliza kusuzumira ankatulutsa mtedza wokazinga m'thumba la jekete lawo lakuda, kazako amene sankamuvula ngakhale dzuwa la mwezi wa khumi.

Nzeru imeneyi anaitenga ku Beira. Anapitako ali mnyamata, pothawa ntchito yokakamiza ya m'misewu, n'kupeza malo kwa dotolo wina wa mano, Mmwenye. Anayamba ndi tsache. Kenako anawalola kuwiritsa zitsulo, kenako kugwira mitu ya odwala, mpaka kukanda gesu, ufa woyera uja umene umauma ngati mwala, woumbira chifanizo cha m'kamwa mwa munthu. Zaka zambiri anaima kumbuyo kwa mpando, akuona ana a azungu ndi a Amwenye akubwera ndi mano opanikizana n'kumachoka ndi waya m'kamwa. Pobwerera kumudzi anabwera ndi sutikesi yachitsulo, mapulayala awiri ozulira mano ndi kagalasi kozungulira kokhala ndi mpini. Kudzitcha dotolo sanadzitchepo. Ankati iwo ndi galu wa mlenje: nyama amaidziwa fungo, koma mfuti si yawo.

Chimene ankafuna m'kamwa mwa ana sichinali mbozi yobowola mano yokha ayi. Ankati nthawi yoyang'ana mwana ndi pamene mano akutsogolo ayamba kugweluka, chifukwa pamenepo mpamene nyumba ikumangidwanso. Ana athu akachotsa dzino amaliponya padenga n'kupempha khwangwala kuti awapatse latsopano. Atsibweni ankati khwangwala ndi wopatsa ndithu, koma ndi mmisiri woipa: amangoponya mano osawayala. Ndiye ankayang'ana ngati latsopano likumera kumbuyo kwa lakale, lakalelo likukana kuchoka. Ankayang'ana ngati mano akukwerana chifukwa chosowa malo. Mwana wogona pamphasa masana pakamwa pali pululu ankamuima pamutu nthawi yaitali, akumvetsera ngati akupumira m'kamwa. Pachakudya sankayang'ana mbale yawo. Ankaona amene akutafunira mbali imodzi, ndi amene amadziluma tsaya kawirikawiri.

Mayi wina anabwera akudandaula kuti mwana wake wamkazi ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Anamubweza akuseka. Anati umenewo si matenda, ndi msampha wa anyamata, ndipo akadzakula adzabwere awauze kuti wakola angati.

Gesu kumudzi kunalibe, ndiye anapeza njira yawoyawo. Ankatenga mbatata yophika itazizira, n'kuuza mwana kuti alume pang'onopang'ono osadula. Kenako ankaitembenuza padzuwa, akuwerenga mmene mano adindira, ngati munthu wolondola mapazi a gwape. Akakhutira ankamubwezera mwini wake kuti amalize. Mkazi wawo Anabanda ankadandaula kuti m'nyumba mwawo mbatata imathera mayeso.

Anabanda ndi atsibweni ankakangana tsiku lililonse, ndipo nkhani inali imodzi: shuga. Mayiwo ankakonda tiyi wotsekemera mpaka supuni kuimirira. Atsibweni ankabisa shuga m'nkhokwe, iwo n'kumupeza. Ankabisa m'khola la nkhunda, n'kumupezanso. Tsiku lina anamubisa bwino kwambiri mpaka eni ake kuiwala, ndipo amene anamupeza zinali nyerere. Anabanda anamwalira ndi mano awo onse, ndipo nkhani imeneyi atsibweni sanafune kuti izikambidwa.

Mkangano waukulu unali ndi a Chikuse, osula makasu, amene ankazulanso mano ndi pulayala ya njinga. Kwa a Chikuse dzino lililonse lopotoka linali lozula. Tsiku lina anabweretsedwa mnyamata wina amene dzino lake limodzi lakumwamba linkamera kulowa m'kati, kuseri kwa akumunsi. A Chikuse anali atatenga kale pulayala pamene atsibweni anatulukira akuthamanga, kazako ali pepepe.

"Limenelo si la ubwana! Mukazula silimeranso!"

"Nanga lopotoka chonchi ali nalo ntchito yanji?"

"Inu mwendo wanuwo ndi wopotoka, tiudule?"

Anamutenga mnyamatayo n'kumusemera kathabwa kopyapyala ngati mpini wa supuni. Anamuonetsa kukaika kuseri kwa dzinolo n'kumaluma pang'ono, m'mawa, masana ndi madzulo, akuwerenga mpaka makumi asanu. Dzinolo linali lidakali m'njira, ndipo mwezi usanathe linadumphira kutsogolo. A Chikuse sanawalankhule atsibweni chaka chathunthu. Chaka chitatha anabwera okha mbandakucha atagwira tsaya, ndipo chibwenzi chawo chinayambira pamenepo.

Koma nkhani imene anthu ankakamba panja pa tchalitchi sabata yatha ndi ya mwana wanga Rozita, ndipo imeneyo ndiifotokoza ndekha chifukwa ena amaikometsera.

Rozita anayamwa chala chachikulu kufikira atayamba sikola. Ndinkati asiya yekha. Atsibweni anandichenjeza kangapo. Tsabola wopaka pachala ankakana, ankati kumeneko n'kulanga mwana chifukwa chodzitonthoza. Anamusokera kathumba ka nsalu kovala kudzanja, ndipo masana ankamupatsa mtedza woti aziswa kuti manja asakhale chabe. Anasiya ndithu, koma mochedwa. Mano ake akumwamba anamera ataloza kutsogolo ngati denga la khonde. Milomo sinkakumana. Akatafuna, mano akumunsi ankakalasa nyama ya kumwamba kwa m'kamwa, ndipo pankakhala zilonda. Chimanga chowotcha ankachita kukonola ndi zala. Pofuna kunena kuti "bambo" zinkamveka ngati "vamvo." Anzake anamutcha Kanjiri. Mwana amene ankaimba kuyambira m'mawa anasiya kuimba, ndipo akafuna kuseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja.

"Uyu kathabwa sikangamuthandize," anatero atsibweni. "Uyu ndi wa aparelyu."

"Ndiye chiyani chimenecho?"

"Waya wa m'kamwa. Umakankha mano pang'onopang'ono, ngati mmene umawongolera mpini pamoto."

"Ndiye tiupeza kuti?"

"Ku Beira."

Ndinangoseka. Nthawi imeneyo nkhondo inali itafika kwathu. Bambo ake a Rozita anali atawolokera ku Zambia, chifukwa dzina lawo linali litatchulidwa kwa shefi wa posto, mkulu wa boma la atsamunda kwathu kuno. Asilikali a Chipwitikizi anabwera ndi magalimoto, anatentha nkhokwe zathu, n'kutisamutsira ku aldeyamento pafupi ndi Fingoe. Unali mudzi wa mizere, wozunguliridwa ndi waya waminga. Kumunda tinkapita m'mawa ndi chilolezo n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Kutchire kunali anyamata athu omenyera ufulu, ndipo tinkakumana nawo kumadimba, titabisa ufa ndi mchere pansi pa mbewu. Munthu ukaoneka pafupi ndi anyamata, asilikali ankakutenga. Ukaoneka pafupi ndi asilikali, anyamata ankakuitana. Za Beira zinali ngati za kumwezi.

Lachinayi lililonse dotolo wa asilikali ankakhala pansi pa tenti pachipata cha kwartelo, kumene kunkakhala asilikaliwo, n'kumagawa mankhwala a malungo ndi a zilonda. Anali mnyamata wowonda, wa maso otopa, wooneka kuti yunifolomu anachita kumuveka. Atsibweni anamuyang'anitsitsa masabata awiri. Anaona kuti munthu akabwera ndi chifuwa dotoloyo amangolemba, koma akabwera ndi dzino amadzuka pampando. Sabata yachitatu anaima pamzere ndi Rozita, mbatata ili m'manja.

Atafika kutsogolo anayala mbatata yolumidwa ija patebulo, n'kuyamba kufotokoza m'Chipwitikizi cha ku Beira, ndi mawu a ntchito amene ngakhale womasulira sanawadziwe. Dotoloyo anayang'ana mbatata, anayang'ana nkhalamba ya kazako wong'ambika, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati kwawo anamutenga ali pakati pophunzira za m'kamwa, ndipo chifikireni palibe amene anamulankhulapo za mano ngati mnzake. Anamuyang'ana Rozita nthawi yaitali. Anavomera kuti atsibweni aona zoona. Koma anatambasula manja n'kunena kuti kuno ndi kunkhondo, alibe chilichonse chopangira.

"Ndege ya makalata imabwera ndi vinyo," anatero atsibweni. "Imabwerera ndi chiyani?"

Ku Beira atsibweni anali ndi mnzawo wakale amene ankaumba mano oikirira. Dotolo analemba kalata, atsibweni anaikapo dzina lawo pansi. Patapita milungu ingapo kunabwera kaphukusi ka phala lodindira mano ndi gesu. Atsibweni anakanda okha mwachimwemwe. Zifanizo anaumba ziwiri, chimodzi chokwera ndege, china chawo.

Ine sindinakondwe. Anthu anali atayamba kale kunong'ona kuti Ayasama akuyenda ku kwartelo. Miyezi iwiri m'mbuyomo, bambo wina wa mumzere wathu amene ankagulitsa nkhuku kwa asilikali anaitanidwa kumadimba, ndipo sanabwerere. Ndinapita kwa atsibweni ndili ndi mkwiyo.

"Atsibweni, mufuna kutiphetsa chifukwa cha mano? Mwanayu akhala ndi moyo ngakhale ali Kanjiri."

Anali akusenda chinangwa. Sanakweze mawu.

"Lusiya, nkhondo idzatha. Ine ndaona zinthu zambiri zikutha. Koma nsagwada ya mwana sidikira kuti anthu amalize kuwomberana. Panopa ndi yofewa. Zaka zitatu zikubwerazi idzakhala itauma, ndipo mwana wako adzalowa m'dziko laufulu dzanja lili pakamwa."

"Nanga anyamata akakuitanani?"

"Ndidzapita. Nawonso ali ndi mano."

Ndinatuluka osatsazika, ndipo masiku anayi sindinawapatse moni.

Aparelyu inafika mvula itatsala pang'ono kutha. Kanali kanthu kofiirira kooneka ngati chigoba cha nkhanu, kokhala kumwamba kwa m'kamwa, ndi waya wonyezimira wodutsa kutsogolo kwa mano. Pakati panali kasikuluwu kopotokola ndi kakiyi kochepa ngati singano. Tsiku loyamba Rozita analira, malovu ali chuchuchu, mawu osamveka. Tsiku lachitatu ana onse a mu aldeyamento anali pakhomo panga kupempha kuti aone. Amene ankamutcha Kanjiri anayamba kupinda mawaya a mpanda n'kumaika m'kamwa mwawo, mpaka atsibweni anayenda mzere uliwonse kuwalanda. Lachinayi lililonse ankapita naye kwa dotolo kuti akaone mmene zikuyendera.

Uthenga unabwera kudzera mwa mayi wina pachitsime. Anawerama ngati akutsuka ndowa n'kunena kuti, "Anyamata akuti mawa kudimba la kumunsi. Inu ndi atsibweni anu."

Mwana sanamutchule. Koma m'mawa atsibweni anafika pakhomo atasita kazako ndi chitsulo cha makala, n'kunena kuti Rozita apite nawo. Ndinakana. Anati popanda mwanayo iwo alibe pakamwa. Tinanyamula makasu, tinaonetsa chilolezo pachipata, n'kuyenda. Njira yonse ine ndinkapemphera. Iwo ankamuonetsa Rozita mitengo imene timitengo take timatsuka bwino mano.

Tinawapeza dzuwa lili pamutu, kuseri kwa nzimbe, anyamata asanu ndi mmodzi ndi mfuti zawo. Mkulu wawo anali wamng'ono kwa ine, wamtali, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinsenga. Anali atamanga kansalu kuzungulira chibwano, ndipo tsaya lakumanzere linali lotupa ngati wabisamo dzira. Sanatiuze kuti tikhale.

"Madala, Lachinayi lililonse mumalowa ku kwartelo. Mumatuluka mukuseka. Mumakawauza chiyani?"

"Ndimakawauza kuti lakumanja lasuntha pang'ono, koma lakumanzere likuchita makani."

Palibe anaseka.

"Madala, kuno sitisewera."

"Inenso sindikusewera, mwanawe. Rozita, yasama."

Rozita anayasama, ndipo waya unang'anima padzuwa. Mnyamata wina anadumphira m'mbuyo n'kukweza mfuti.

"Wailesi iyo! Ndinamva kuti ali ndi timawailesi tating'onoting'ono! Akutimva panopa!"

Ndinamva zitsulo zikulira mbali zonse. Ndinamukumbatira mwana. Atsibweni sanasunthe.

"Chotsa, mdzukulu wanga, uwapatse."

Rozita anatulutsa kanthu kaja kali noninoni ndi malovu, n'kukapereka ndi manja awiri, monga ndinamuphunzitsira kupereka chinthu kwa wamkulu. Mkulu uja anakalandira ndi nsonga za zala.

"Ngati ndi wailesi, lankhulanipo," anatero atsibweni. "Auzeni azipita kwawo. Mwina inu akumverani."

Kenako anapisa m'thumba la kazako, ndipo mfuti zonse zinawaloza. Anatulutsa pang'onopang'ono chifanizo cha gesu chija, mano a Rozita mmene analili poyamba, n'kuchiika pafupi ndi pakamwa pa mwanayo. Anati aliyense amene ali ndi maso ayerekeze. Mkulu uja anawerama. Anayang'ana gesu, anayang'ana mwana, anabwerezanso. Kusiyana kunali kochepa, koma kunalipo.

"Iwe, chimapweteka?" anamufunsa Rozita.

"Akapotokola, masiku awiri. Kenako ayi."

"Nanga n'cha chiyani?"

"Kuti ndizitha kutseka pakamwa."

Anayesa kutseka pomwepo, milomo ikunjenjemera, ndipo inatsala pang'ono kukumana. Mkuluyo anamubwezera kanthu kake. Sindidziwa chimene akananena, chifukwa atsibweni sanamupatse mpata.

"Nanga iwe tsayalo, masiku angati?"

"Sitinakuitanireni zimenezo."

"Ndikudziwa. Koma munthu amene dzino likumuwawa saweruza bwino mlandu, ndipo mlanduwu ndi wa moyo wanga. Tandiuza, angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Ukugona?"

"Ayi."

Atsibweni anamuyandikira, anamasula kansalu kaja, anamugwira chibwano ndi zala ziwiri.

"Yasama."

Ndipo munthu uja, mfuti ili paphewa, anayasama. Anyamata ake anatembenukira ku nzimbe, mapewa akugwedezeka. Yemwe anati wailesi uja anachita kukhala pansi. Atsibweni anasuzumira mosafulumira, akupukusa mutu. Anati dzinolo ndi lofa, koma sangalizule lili lotupa chonchi. Anandiuza kuti nditulutse mchere umene ndinabisa m'dengu. Anamulamula kuti azivumata madzi ofunda a mchere kasanu patsiku, ndipo iwo abweranso pakapita masiku atatu. Asanamusiye anamutembenuza nkhope cham'mbali n'kunena kuti nsagwada yake yakumunsi inatsogola kwambiri, ndipo akanakhala kuti mayi ake anabwera naye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, bwenzi pano ali mnyamata wooneka bwino. Apo ndiye anyamata analephera kudzigwira. Mkulu wawo nayenso anaseka, n'kubuula chifukwa cha ululu, n'kusekanso.

Pobwerera ndinakhala pansi m'njira n'kulira. Atsibweni anandidikira. Nditatha anapisa m'thumba kuti amupatse Rozita mtedza, koma wonse unawatayikira m'fumbi.

Mawa lake linali Lachinayi. Anapita kwa dotolo monga mwa masiku onse, ndipo atatha za Rozita anapempha mankhwala a chotupa. Anati ndi a mbuzi yawo yaikulu imene yatupa tsaya. Dotolo uja anawayang'ana nthawi yaitali. Mu aldeyamento monse munalibe mbuzi ngakhale imodzi, asilikali anali atadya zonse. Anatsegula bokosi, anakulunga mapilitsi m'pepala, n'kunena kuti mbuziyo izimwa awiri m'mawa, awiri madzulo, ndipo isadumphitse. Sanafunsenso china. Dzino lija linazulidwa tsiku lake, mkulu wa anyamata atakhala pachitsa, awiri atamugwira mapewa. Kuyambira pamenepo atsibweni popita kudimba ankabisa pulayala m'mtolo wa mbewu ya chinangwa. Za kutchire sanazinene ku kwartelo, za ku kwartelo sanazinene kutchire. Ankati iwo amangodziwa zimene zili kuseri kwa milomo.

Dotoloyo anasamutsidwa chaka chisanathe. Tsiku lomaliza anawasiyira atsibweni kakiyi kaja, anawaonetsa mmene angapindire waya ukakhwefuka, ndipo anagwirana chanza nthawi yaitali. Sitinamvenso za iye. Atsibweni anamangirira kakiyiko pa kolona wawo, ndipo Lamulungu lililonse tikatuluka m'mapemphero ankapotokola kamodzi. Kamodzi kokha. Rozita akawapempha kuti apotokole kawiri kuti zifulumire, ankati dzino ndi nkhalamba, ukalikoka limakwiya, ukaliperekeza limayenda.

Tsiku lina aparelyu inasowa. Rozita anaichotsa pakudya n'kuika pamwala, galu wa oyandikana nawo n'kuitola. Mzere wonse unathamangitsa galu ameneyo: amayi ndi zipande, a Chikuse ndi nyundo, ngakhale msilikali wa pachipata anasiya malo ake n'kutchinga njira. Galu anaitaya pafupi ndi chitsime itangokandika pang'ono. Atsibweni anaitsuka ndi madzi otentha ndi mchere katatu, ndipo kwa sabata yathunthu sanamulankhule galuyo, amene kale anali bwenzi lawo.

Mvula ziwiri zinadutsa. Sindinena kuti mano a Rozita anakhala ngati a pachithunzi, ndipo atsibweni nawonso sankanena choncho. Koma milomo inakumana, zilonda zinapola, ndipo tsiku lina ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuluma chimanga chowotcha ndi mano akutsogolo, yekhayekha, akuseka. Nkhondo itatha waya waminga unadulidwa, tinabwerera ku Chiputo, ndipo bambo ake anatulukira kuchokera ku Zambia ataonda ngati bango. Rozita anawathamangira n'kufuula kuti, "Bambo!" Linamveka bwinobwino. Iwo anaima n'kumufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Lero Rozita ndi agogo, ndipo ndiye anatsogolera nyimbo pa Misa ija.

Chimene chinkawapweteka atsibweni n'chakuti waya unapezeka wa mwana mmodzi yekha. Ankatha kutchula mayina a ana ena a mu aldeyamento amene anafunika thandizo lomwelo, mmodzimmodzi, mpaka ukalamba wawo. Koma kuyang'ana sanasiye. Nkhondo yachiwiri, yapachiweniweni ija, itatithamangitsira ku Zambia, ankayendera misasa ya othawa ndi kagalasi kawo. Titabwerako, misewu itatseguka, ankauza makolo kuti uyu mupite naye ku Tete akamuone dotolo wa mano, uyu dikirani chaka, uyu musiyeni alibe kanthu. Ena ankapita, ambiri sankatha. Maso atayamba kuchita khungu ankayang'ana ndi chala, atasamba m'manja ndi sopo kawiri. Iwo eni anatsala ndi mano anayi, ndipo ankati ndi okwana munthu amene wanena kale zonse.

Nyumba yawo ili pafupi ndi yanga, kuseri kwa mtengo wa bwemba. Denga layamba kulowa pakati, ndipo chitseko tinachimanga ndi luzi kuti mbuzi zisamagonemo. Pansi pa bwembapo pali mipando iwiri imene anasema okha, wina wautali, wina waufupi. Wautaliwo unali wa mwana, kuti kuwala kuzilowa bwino. Iwo ankakhala pa waufupi.

Dzana kunabwera mayi wachitsikana wochokera kumidzi ya kutali kuseri kwa Malowera, wapansi, ali ndi kamnyamata ka zaka zisanu ndi ziwiri. Za maliro sanamve. Anaodira pakhomo pa atsibweni katatu ndisanatuluke kukamuuza. Anati mwanayu mano ake akumera modabwitsa, ndiye amafuna adziwe ngati n'zoopsa kapena adikire. Ndinamukhazika mwanayo pampando wautali, ine n'kukhala pa waufupi. Ndinayang'ana ndithu, mbali iyi ndi iyi. Ndinaona mano. Sindinadziwe choti ndimuuze.

Ndinawapatsa madzi ndi chinangwa cha panjira, n'kuwalangiza za ku Tete. Atapita ndinabwerera pansi pa bwemba paja. Masamba anali atadzaza pabwalo, chifukwa chimwalirireni palibe amene wasesapo. Ndinakatenga tsache.